Manja a Azakhali pa Khoma la Chipatala

Houston, 6 Febuluwale 2012

Okondedwa achemwali anga Odilia,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu anga a Rufino ndi ana onse. Bambo akupeza bwanji ndi mawondo aja? Nanga azakhali a Eusebia? Ine kuno ndili bwino, kungoti ntchito yandikwera pamutu.

Ndasankha kulemba chifukwa foni ikundikanika. Ndaimba Lamlungu katatu kotsatizana, ndipo nthawi zonse mwandiuza kuti azakhali atuluka. Azakhali amene Lamlungu masana sachoka pakhonde pokhapokha mayi wina atayamba kumva kupweteka? Kapena amayi onse a ku Santa Inés apangana kuti chaka chino azichira Lamlungu lokhalokha?

Ndili ndi nkhani yabwino. Kachipangizo kaja takhala tikukonza zaka zinayi, komvera kugunda kwa mtima wa mwana akadali m'mimba, kayamba kuyesedwa m'zipatala zing'onozing'ono. Kakula ngati sopo wosambira, ndipo umangokalumikiza ku foni. Ndatumiza kamodzi kudzera mwa a Cleto, amene akunyamuka Lachisanu ndi katundu wa anthu. Ndi ka azakhali. Ndikufuna akhale mzamba woyamba m'mapiri monsemo kukhala nako. Muwathandize kukayatsa, ndajambula zithunzi za kagwiritsidwe ntchito kake papepala.

China n'chakuti masiku ano sindikhalitsa mu labotale ngati kale. Amandituma m'masukulu kukauza atsikana olankhula Chisipanishi kuti nawonso atha kukhala mainjiniya, ndipo bungwe lina linandijambula kanema wamfupi wofotokoza ntchito yanga. Ndamva kuti amumasulira m'chinenero chathu cha Chikiche ndipo akamuonetsa m'zipatala za kwathu. Mukamuona musandiseke kwambiri, tsitsi anandipesa ndi anthu ena.

A Cleto pobwerera mundipatsireko tchizi chouma chija. Cha kuno chimakoma ngati kandulo. Ndipo mundilembere nkhani zonse, osati zija zanu za mizere itatu.

Ndine mng'ono wanu,
Griselda


Santa Inés, 4 Malichi 2012

Griselda,

Moni wako tamulandira. Tonse tili moyo. Mawondo a bambo ndi omwewo, Rufino ndi yemweyo, ana akudya ngati dzombe. Tchizi ndatumiza. Kachipangizo kako nakonso ndakabweza, kali m'bokosi momwe kanabwerera. Azakhali sanatsegule n'komwe.

Wadandaula za tsitsi. Tsitsi lili bwino, mwana wa mayi anga. Palibe amene akuyang'ana tsitsi.

Kanema wako akuonetsedwa pachipatala chathu kuyambira mu Januwale, pakhoma la pamene amayi amadikirira sikelo. Akatha amayambiranso, kuchokera m'mawa mpaka aweruke. Ine ndinamuona nditapita ndi mzime wanga Marisol kukabayitsa katemera. Nditakuona utavala gauni yoyera mtima unandikwera, ndinagunda mayi wa pambali panga ndi chigongono, ndati, "Mng'ono wanga ameneyo!" Kenako unayamba kulankhula. Mawu ako ndawaloweza, chifukwa mudzi wonse wawaloweza: "Mayi anga anamwalira pobereka mwana wina, ine ndili ndi zaka ziwiri. Mzamba amene anali nawo analibe china koma manja ake. Manja sangamve mtima ukamaleka." Pamenepo pakhoma panabwera chithunzi cha manja ali pamimba.

Nkhope munaidula, ndakuyamikira nzeruyo. Koma iwe wakhalitsa kunjako mpaka kuiwala kuti kuno mayi amadziwika ndi huipil yake, malaya amene analuka yekha? Mkono wa malayawo ukuoneka wonse, ndi mbalame ziwiri zofiira zofulatirana zija zimene azakhali okha ndiwo amaluka motero. Mayi wa pambali panga uja anati, "Kodi si a Eusebia awo?" Benchi yonse inatembenukira kwa ine. Ndinanyamula mwana n'kutuluka, katemerayo sanabayidwe.

Lachinayi kumsika a Candelaria ogulitsa tomato analankhula mokweza dala, azakhali ali potero akusankha anyezi. Anati, "Ife tinkati Paulina, mayi wa Griselda, anamutenga ndi Mulungu. Kani anali manja a munthu!" Mnzawo wa tsabola anawonjezera, "Akananena wakunja tikanati ndi kaduka. Koma mwana amene anamulera yekha, wophunzira mpaka ku America? Ameneyo anganame?" Azakhali anabweza anyezi mmodzimmodzi padengu n'kumapita kunyumba.

Zaka zoposa makumi anayi akubereketsa amayi a mudzi uno. Ukudziwa mmene ana amene anawalandira amaweramitsira mutu panjira kuti awagwire pamphumi. Tsopano amayi akumakoka ana awo kuti adutse mbali ina. Chiyambire Januwale aitanidwa kamodzi kokha, ndipo nkhuni za kanyumba kosambitsira amayi ndi nthunzi zangouma pachabe.

Ndiye ku foni sabwera. Unafuna nkhani zopitirira mizere itatu, ndi zimenezo.

Mkulu wako,
Odilia


Houston, 30 Malichi 2012

Achemwali anga,

Ndikupatsani moni nonse, ngakhale sindikudziwa ngati moni wanga akulandiridwabe pakhomopo. Mundiuze mmene azakhali alili, ngati akudya, ngati akutulukako.

Kalata yanu ndinaiwerengera m'galimoto nditafika kuntchito, ndipo ndinalephera kutuluka. Ndili ndi manyazi, achemwali, oti ndikadutsa pagalasi ndimayang'ana pansi.

Ndikufuna mudziwe mmene zinakhalira, osati kuti ndidziyeretse. Tsiku lojambula ndinalankhula pafupifupi ola lathunthu. Ndinanena kuti azakhali ndiwo anandilera. Ndinanena kuti ndili wamng'ono ankandinyamulitsa dengu lawo, n'kumandiuza kuti ndiike khutu pamimba ndinene chimene ndikumva, ndipo kuti popanda iwo sindikanaganizako za mtima wa mwana. Koma kanema wotere sapitirira mphindi imodzi ndi theka. Mayi wodula kanemayo anati munthu amakumbukira vuto limodzi ndi yankho limodzi basi. Yankho linali kachipangizo kanga, ndiye panafunika vuto. Anandionetsa asanamutulutse, ndipo ndinavomera. Chithunzicho ndinapereka ndekha, chija ndinajambula pa Khirisimasi ya 2008 azakhali akusisita mimba ya Delfina. Ndinaganizadi kuti kudula nkhope n'kokwanira. Palibe woti ndimunamizire.

Pali china choipa kuposa apo. Nkhani ya mayi ndaikamba pamaso pa anthu maulendo oposa makumi atatu. Ndikudziwa pofunika kupumira kuti holo yonse ikhale chete. Ndikudziwa pamene aphunzitsi amayamba kufunafuna mipango m'zikwama. Nkhope ya mayi sindiikumbukira, koma imfa yawo ndaisandutsa chotsegulira pakamwa, ndipo anthu amandiombera m'manja.

Ndalembera bungwe lija kuti asiye kumuonetsa. Andiyankha mwaulemu kuti anatumizidwa kale kuzipatala zambirimbiri ndipo kumuchotsa kutenga nthawi. Akuti amayi opita kusikelo achuluka chifukwa cha iye, ndiye sakumvetsa chimene ndikudandaula.

Komabe ndithandizeni pamenepa, chifukwa mutu wanga ukuzungulira. Sindinaname, si choncho? Sindinati azakhali analakwa, ndinati analibe chipangizo. Tonse tinakula tikumva kuti zinachitika mwadzidzidzi, bambo ali kutali kothyola khofi. Mtima wa mwana ukanamveka msanga, akanathamangira nawo kuchipatala chachikulu cha ku Xela nthawi ikadalipo. Moyo wanga wonse ndauika pa mfundo imeneyi. Muwafotokozere azakhali choncho, mwina angamvetse.

Mng'ono wanu,
Griselda


Santa Inés, 13 Meyi 2012

Griselda,

Tili bwino, mvula yayamba. Usadabwe kuti ndachedwa. A Cleto anadwala, ulendo wa mu Epulo sanayende. Ndipo ngakhale akanayenda, kalata iyi ndaiyamba kanayi n'kumaing'amba.

Kanemayo pachipatala pathu anamuzimitsa, ndinapita ndekha kukapempha namwino. Koma madzi akatayika saoleka. Achinyamata ali naye m'mafoni. Delfina yemwe uja wa pachithunzi ali ndi pathupi pachitatu, ndipo akumakwera phiri kupita kwa mzamba wa kuseri. Akakumana ndi azakhali amawerama ngati kuti chingwe cha nsapato chamasuka. Dengu lawo la ntchito azakhali alipachika kudenga.

Wafunsa ngati sunaname, ndipo wati ndikawafotokozere kuti amvetse. Sindipita. M'malo mwake ndikufotokozera iwe chimene ndachisunga zaka makumi atatu.

Sizinachitike mwadzidzidzi. Ine ndinalipo, ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Azakhali anadziwa m'mawa dzuwa lisanakwere. Anapapasa mimba ya mayi, anaikapo khutu, n'kunena kuti mwana wagona chopingasa ndipo mtima wake ukufooka. Anati, "Odilia, thamanga ukaitane bambo ako, atulutse galimoto tsopano lino."

Bambo sanali kothyola khofi. Nthawi imeneyo ankayendetsa galimoto ya kopaletivi, yokhayo m'mudzi monse, ndipo wodziwa kuyendetsa anali iwo okha. Chinali chaka chija anthu a mfuti ankaima pamlatho ndi pepala la maina, n'kumatsitsa amuna m'magalimoto. Sabata yomweyo anali atatsitsa a Lorenzo, mlembi wa kopaletivi, ndipo sanabwerenso. Wina anauza bambo kuti dzina lotsatira ndi lawo. Anakabisala m'munda wa chimanga kuseri kwa nyumba. Ine ndinkawapititsira chakudya, anthu tinkawauza za khofi.

Ndinapita katatu. Koyamba anati, "Kawauze adikire pang'ono." Kachiwiri anaimirira, makiyi ali m'manja, anafika mpaka m'mphepete mwa munda, n'kubwerera. Kachitatu anangophimba nkhope ndi chipewa. Dzuwa likupendeka mayi anali atapita, ndi mwana yemwe.

Pamaliro azakhali anauza anthu kuti zinawadzidzimutsa. Ine anandikokera kuseri, anandigwira dzanja molimba, anati, "Mng'ono wako watsala ndi kholo limodzi. Usamulande." Ndipo sindinakulande.

Manja aja anamva, Griselda. Anamva maola asanu ndi awiri nthawi isanathe. Chimene chinasowa tsiku lija si chipangizo.

Usaganize kuti ndikukuloza chala ndekha ndili woyera. Ndinakuona ukukula, ukupita kusukulu ndi nkhani yabodzayo m'mutu, ndipo ndinkati bola ikukuthandiza kuwerenga. Pabenchi paja, anthu atatembenukira kwa ine, ndinali ndi mpata woimirira n'kunena kuti azakhali alibe mlandu. Ndinathawa. Mwina kuthawa n'kwa kumtundu.

Ukawerenga uitenthe.

Odilia


Houston, 1 Juni 2012

Achemwali,

Moni nonse. Kalata yanu sindinaitenthe, ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopindidwa.

Patapita masiku awiri chilandirireni, ndinali ndi msonkhano pasukulu ina ya atsikana. Ndinaimirira, ndinayamba monga mwa nthawi zonse, ndipo nditafika pa mawu aja a manja sindinathe kuwatchula. Ndinangoima. Mphunzitsi anandibweretsera madzi, akuganiza kuti ndi chisoni cha mayi. Mtsikana wina anakweza dzanja n'kufunsa, "Nanga mzambayo anamumanga?" Ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowe.

Za bambo sindikudziwa choti ndinene. Tsiku lina ndimawakwiyira kwambiri. Tsiku lina ndimakumbukira kuti iwo anali kuopa mfuti pamlatho, pamene ine ndinapereka azakhali pongoopa kuti kanema atalika.

Ndapeza njira yokonzera. Ndibwera mu Ogasiti ndi mnzanga wodziwa kujambula. Tipanga kanema wina, wa m'Chikiche kuyambira pachiyambi, ndipo ndinena zoona: kuti mzamba anadziwa m'mawa, kuti anaitanitsa galimoto katatu, koma woyendetsa anaopa msewu. Dzina la bambo sinditchula, ndingoti woyendetsa. Timuonetsa pakhoma lomwe lija. Ntchito imeneyi ndiyo ndimaidziwa, ndipo ndi yomwe ndinawonongera dzina lawo, ndiye ndiyomwenso ndilikonzere.

Muwawerengere azakhali kalatayi. Muwauze kuti ndagwada.

Griselda


Santa Inés, 24 Juni 2012

Mwana wanga Griselda,

Odilia akulemba, ndikulankhula ndine Eusebia. Ndamuuza kuti asakometse mawu anga.

Ndili moyo, ndikudya. Wati wagwada. Dzuka, mawondo udzawafuna ukakalamba.

Odilia wandiwerengera nzeru zako zatsopano. Wati dzina sutchula, ungoti woyendetsa. Mwana iwe, mudzi uno unali ndi galimoto imodzi ndi dalaivala mmodzi. Poyamba unadula mutu wanga n'kusiya malaya, tsopano ukufuna kudula dzina n'kusiya galimoto. Sukulu yonseyo palibe anakuuzako kuti kwanu anthu amadziwana?

Zinandipweteka, sindikubisira. Ndinakusambitsa, ndinakutafunira chakudya, ndinakuperekeza pokwerera basi ndikulira ngati wopusa. Masiku ano ndimadzuka m'mawa n'kumva ngati wina akugogoda, ndikatsegula palibe munthu. Mzamba wopanda womuitana ndi nkhalamba chabe. Ndipo kachipangizo kako sindinakabweze chifukwa n'koipa, mwina n'kabwino ndithu. Koma unakakonza zaka zinayi osandifunsako ngakhale kamodzi kuti ine mtima wa mwana ndimaumva bwanji.

Koma za bambo ako usayerekeze. Katundu ameneyu palibe anandisenzetsa, ndinamunyamula ndekha. Fermín ndi mlongo wanga, ndinamubereka kumsana ali khanda. Iwe sunaone chaka chija, sunaone amuna akuluakulu akunjenjemera ngati masamba. Ine wandichititsa manyazi miyezi isanu ndi umodzi. Iye wadzichititsa manyazi yekha zaka makumi atatu, sanakwatirenso, chiwongolero sanachigwirenso. Zakwana. Dzina langa lisiye mmene lilili, ndatsala pang'ono kulisiya ndekha.

Odilia ndamukalipira kale chifukwa cha pakamwa pake. Akulemba zimenezi akulira, asadetse pepala.

Mu Ogasiti ubwere, koma mnzako wojambulayo umusiye komweko.

Azakhali ako,
Eusebia

Griselda, pano ndikuwonjezera ndekha, azakhali sakudziwa. Kalata yako yomaliza ndinaipeza patebulo envelopu itang'ambidwa kale. Ine ndinali kuchigayo, a Cleto anaisiya m'manja mwa bambo. Ayenera kuti anaiwerenga. Masiku awiri sanakhudze chakudya. Odilia


Santa Inés, 15 Julayi 2012

Mwana wanga Griselda,

Ndine bambo ako. Sindinakulemberepo kalata chiyambire, ukhululuke zolemba zanga, dzanja silinazolowere. Ndili bwino. Ndikhulupirira nawenso uli bwino kumeneko.

Kalata yako ya kwa Odilia ndinaitsegula. Ndinkaganiza kuti muli zithunzi. Ndinaiwerenga tsiku lonse chifukwa ndimawerenga pang'onopang'ono. Ndinaona kuti ukudziwa.

Miyezi yonseyi ndinkamva zimene anthu akunena za mlongo wanga. Ndinkamva, n'kumapita kumunda. Ndinkati zitha zokha. Ndi mmene ndinaneneranso tsiku lija.

Lachinayi lapitali ndinavala jekete la kutchalitchi ndi kupita kumsika. Ndinaima pachitsime chapakati pomwe anthu amadutsa. Ndinavula chipewa. Ndisanayambe kulankhula, a Candelaria anati, "A Fermín, mwayamba kupemphetsa?" Anthu anaseka. Ndiye ndinanena. Ndinati, "Paulina sanamuphe Eusebia. Eusebia anadziwa m'mawa. Anandiitana katatu. Sindinali ku khofi, ndinali m'chimanga, makiyi ali m'thumba. Ndinaopa." Ndinanena kawiri, kuti a kumapeto ogulitsa miphika amve nawo.

Ena anayang'ana pansi, mwamuna wina analavula. Kenako mkazi wa malemu Lorenzo anadzuka pomwe amagulitsa nsalu, anabwera pafupi, anati, "Mukanapita, mwina tikanaika maliro atatu, mwina sitikanaika ndi amodzi omwe. Adziwa ndi Mulungu. Valani chipewa, dzuwa likuwotchani." Ndinavala n'kumapita kunyumba. Msewu unatalika.

Azakhali ako andikwiyira. Akuti ndawononga ntchito yawo ya zaka makumi atatu m'mawa umodzi, ndipo sakundilankhulitsa. Koma dzulo m'mawa kunabwera mwamuna wa kumunsi kumtsinje, mkazi wake ali pafupi kubereka mwana woyamba. Anaima pakhomo chipewa m'manja, manyazi atamugwira. Eusebia anamusiya aime pang'ono. Kenako anauza Rufino kuti atsitse dengu kudenga. Wabadwa mwana wamkazi.

Kumsika ndinatha kuyang'ana anthu m'maso chifukwa si ana anga. Odilia ndamupepesa, anali mwana ndipo ndinamusenzetsa za akulu. Kwatsala iwe. Azakhali ako ndawabwezera dzina lawo, koma amayi ako sindingakubwezere. Sindikupempha kuti undikhululukire m'kalata. Ukamakamba kwa atsikana a kumeneko, unene mmene zinalili, ndipo dzina langa ulitchule.

Mu Ogasiti undipeza pakhomo. Ukandiitana kamodzi, ndibwera.

Bambo ako,
Fermín Ixcot